Pulinta ya Pamwamba pa Mzere wa Madzi

Chaka chatha nyengo ngati ino tinaika m'manda atsibweni anga a Lazalo, amene anthu a ku Bangula ankawadziwa ndi dzina loti a Kaboni. Sabata yathayi ndinatsikiranso kuchigwa kukathandiza akazi awo, azakhali a Fanita, kukonzekera zomanga chiliza, ndipo chibwerereni mtima wanga sunakhazikike. Ndiye ndati ndilembe. Eni ake akanakhalapo akanayamba andifunsa kuti ndikulemba makope angati.

Dzina la Kaboni analitengera kuntchito. Anakhala kalaliki zaka zambiri pa esiteti ina ya nzimbe, ndipo atapuma anabwera kunyumba ndi makina awo otayipira, akalekale, olemera moti ponyamula pankafunika anthu awiri. Wofuna kalata yofunsira ntchito, wofuna kulemberana mgwirizano wa munda wobwereka, wofuna kudandaula za ng'ombe zomudyera mapira, onse ankathera pakhonde pawo. Ndipo panalibe kalata imene inkatuluka yokha. Ankalowetsa mapepala atatu nthawi imodzi, pakati pake atayala timapepala takuda tija ta kaboni. Loyamba linali la mwini nkhani. Lachiwiri linkalowa m'fayilo yawo. Lachitatu ankati ndi la madzi. Limenelo ankaliika pambali, ndipo mtolo ukakula ankautumiza kwa mayi anga, mlongo wawo, ku Chapananga, kumtunda kouma kumene mtsinje wa Shire sunafikeko chilengedwere dziko.

Ine ndinakulira pakati pa mitolo imeneyo. M'nyumba mwathu munali bokosi lachitsulo lodzaza ndi makalata a anthu amene sitinawaonepo nkhope zawo. Mayi ankang'ung'udza kuti achimwene awo awasandutsa positi ofesi, koma bokosilo ankalikhazika pa njerwa kuopa chiswe, ndipo mwana amene akanayerekeza kutengamo pepala loyatsira moto akanagona ndi njala.

Atsibweni anali munthu wamtali, wowonda, wokonda malaya oyera a manja aatali ngakhale mu Okutobala, pamene kuchigwa ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Nsonga za zala zawo zinali zakuda nthawi zonse. Sankakweza mawu, koma ankatopetsa. Ukawauza nkhani ankakufunsa tsiku limene inachitika, ndipo ukati sukukumbukira ankakuyang'ana ngati wataya mwana pamsika. Ankakonda kunena kuti chinthu chimene sichinalembedwe mawa lake chimakhala ndi eni ake awiri. Kutchalitchi anakanganapo ndi alembi a mpingo kwa chaka chathunthu chifukwa cha zokambirana za msonkhano umodzi zimene zinalembedwa kuseri kwa envulopu. Kunyumba mkangano wawo unali umodzi womwewo kwa zaka makumi anayi. Azakhali, Msena wa ku Nsanje amene sukulu anailekezera m'kalasi yachiwiri, ankati mutu wawo sunadyedwepo ndi chiswe. Atsibweni ankayankha kuti mutu amauika m'manda limodzi ndi mwini wake. Akatero azakhali ankangokana m'Chisena chawo kuti, "Nkhabe, ine ayi," n'kukapitiriza zawo kukhitchini.

Pulinta imene ndikufuna kunena inabwera mochedwa m'moyo wawo, ndipo kuti muimvetse ndiyambe ndanena za chaka cha madzi aakulu.

Munthu wa makope atatu uja anali ndi chinthu chimodzi chimene analibe kope lake lachiwiri. Linali buku lachikuto cholimba limene bambo awo, agogo a Tomasi, analemba pamanja ndi cholembera chonyika m'botolo la inki. M'menemo munali mayina a onse a mtundu wathu amene anagona kumanda akale a m'mphepete mwa Shire, kuyambira pa Mubita, kholo lathu, amene anachokera kutali kumtunda kwa Zambezi atasenza katundu wa mzungu woyenda, n'kukhazikika kuno osabwereranso. Dzina lililonse linali ndi mzere wake: anali mwana wa yani, anakwatira kuti, wagona pafupi ndi mtengo uti. Atsibweni ankaliwerenga bukulo kawirikawiri, koma kulitayipa ayi. Ankati si ulemu kulowetsa dzanja la bambo awo m'makina. Nthawi zina ankati adzatayipa akadzapeza mpata. Ine ndikuganiza kuti ankangolikonda mmene linalili, basi.

Madzi anabwera m'mawa wina, mvula itagwa masiku angapo kumapiri. Analowa m'nyumba mwakachetechete, kenako mwaukali, mpaka atsibweni ndi azakhali anatengedwa pabwato kupita kusukulu ya kumtunda atanyamula zovala zokha. Atabwerera patapita sabata ziwiri anapeza matope ofika m'mawondo. Makina otayipira anali atadzaza dothi, osayendanso. Mafayilo anali atanyowa, koma atawayanika padzuwa zilembo zotayipa zija zinkawerengeka bwinobwino. Buku la agogo ndiye ayi. Tsamba lililonse linali labuluu kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda dzina ngakhale limodzi. Ndipo madzi omwewo anagumula gombe, mtsinje n'kudutsa pakati pa manda akale aja. Lero pamalopo asodzi amaponyapo makoka.

Mayi anga atapita kukawaona anawapeza atakhala pakhonde, buku lili pamiyendo, akutsegula masamba opanda kanthu limodzi ndi limodzi. Akuti sanalire. Anangoti, "Mlongo wanga, ndasunga makalata a anthu a ng'ombe zodya mapira, ndataya bambo anga." Mawu amenewo mayi atandiuza ine ndinalira.

Madziwo anasiya mzere wofiirira pakhoma la pabalaza, wofika pachifuwa cha munthu wamkulu, wozungulira chipinda chonse. Azakhali anafuna kupakapo laimu. Atsibweni anakana kwamtuwagalu. Anati mzerewo ndi kalata imene mtsinje wawalembera, ndipo kalata safufuta. Mkangano wachiwiri wa m'nyumbamo unabadwa tsiku limenelo.

Pasanathe chaka matenda a shuga anayamba kuwadya maso. Adokotala anawauza mosabisa kuti kuona kwawo kuzichepa pang'onopang'ono. Apa m'pamene nkhani inafika povuta, chifukwa mwa onse amoyo, iwo okha ndi amene analiwerenga buku lija kokwanira kuti akumbukire zambiri za m'menemo. Manda anali atapita, buku litapita. Chotsala chinali mutu wa nkhalamba imodzi, mutu womwe uja ankaunyoza, ndipo maso oti alembere anali kutha.

Ine ndimaphunzitsa ku Blantyre, ndipo ndinali ndi laputopu yakale imene sindinkaigwiritsanso ntchito. Ndinawapititsira n'kuwaonetsa kuti zilembo zake ukhoza kuzikulitsa mmene ukufunira. Anaiyang'ana mokayika, koma zala zawo zitangokhudza mabatani zinapeza kwawo. Vuto linali loti ankaimenya ngati makina awo akale aja, moti tebulo linkagwedera. "Atsibweni, pang'onopang'ono, imeneyi imamva ngakhale mutangoikhudza," ndinkatero. Iwo ankati chinthu chomva msanga chimaiwalanso msanga.

Anayamba kutayipa mayina m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwiye. Ndipo apa Mulungu anawaseka pang'ono, chifukwa mayina a amuna ankawakumbukira, koma a akazi ndi a ana omwalira ali aang'ono ankawasokoneza. Amene ankawadziwa anali azakhali, amene bukulo sanaliwerengepo n'kamodzi komwe, koma anakhala zaka zonsezo pamaliro ndi pamtondo akumva apongozi awo akucheza. Ndinawamvapo tsiku lina atsibweni akuitana ndi mawu otsika, ngati munthu wopempha mchere kwa mnansi amene anakangana naye.

"Make Yohane, mkazi wachiwiri wa a Jemusi uja anali yani?"

"Ninji? Mwati chiyani? Simunalembe?" anayankha azakhali ali panja, akupeta.

"Ndikufunsa bwinobwino."

"Anali a Malita. Ana awo atatu, mmodzi anapita ndi chikuku. Lembani, mutu wanga ungaikidwe m'manda."

Koma atsibweni laputopuyo sankaikhulupirira. Tsiku lina anandiimbira foni n'kundifunsa kuti akatseka chivindikiro chija, anthu awo amapita kuti. Ndinawafotokozera kuti amakhala momwemo, osungika. Anati zilembo zimene zimazima ukathimitsa si zilembo, ndi maloto. Ankafuna pepala loti aligwire, alipinde, alitumize ku Chapananga. Ndinawauza kuti ndiye pakufunika pulinta, makina otulutsa papepala zimene walemba pakompyuta, ndipo ndinalonjeza kuwagulira n'kuwabweretsera. Anakana. Anati makina ogulidwa mwini wake kulibe ali ngati mkazi wokusankhira ena. Anagulitsa mbuzi zawo, n'kukwera minibasi kudutsa zitunda zonse za Chikwawa, atavala jekete, chikwama chachikopa chili pamiyendo.

Tinalowa m'sitolo ina ya makompyuta ku Limbe. Wogulitsa anali bambo wansangala, wapakamwa potsekemera, ndipo ataona nkhalamba ya jekete anathamangira kutionetsa pulinta yokongola ya inki yamitundumitundu. Anati imatulutsa zithunzi, imachita fotokope, mtengo wake ndi wabwino. Atsibweni anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako analoza ina yotuwa, yooneka ngati bokosi wamba, imene inali pakona.

"Nanga iyo?"

"Iyo ndi yakuda pokhapokha, bambo. Siigwiritsa inki, imagwiritsa ufa wakuda, tona, umene imauwotchera papepala. Ndi ya m'maofesi, komanso ndi yodulirapo."

"Tatulutsani tsamba limodzi uku, limodzi uko."

Wogulitsa anachita zimenezo mokondwa. Atsibweni anayala masamba awiriwo pakauntala, n'kutsegula chikwama chawo. Ine ndinkaganiza kuti akutulutsa magalasi. Anatulutsa botolo la madzi ofiirira, a matope, n'kuthira pamasamba onse awiri pamaso pa anthu onse a m'sitolomo. Ndinafuna nthaka itseguke ndilowemo.

"Bambo! Mukutani?" anakuwa wogulitsa uja akuthawitsa foni yake.

"Pepani, mwananga, ndipukuta. Awa ndi madzi a m'Shire, ndawatunga dzulo. A m'mipopi yanu kunowa sadzabwera kwathu."

Tonse tinaweramira pakauntala. Tsamba la inki linayamba kulira misozi yakuda, zilembo zikusungunuka n'kuyenderera. Ndinaona nkhope ya atsibweni ikusintha, ndipo ndinadziwa chimene ankaona. Tsamba linalo linanyowa, linafewa, koma chilembo chilichonse chinali pamalo pake. Analitola, n'kulipukuta ndi chala, n'kuliyang'anitsa kuwala. "Iyi," anatero. Wogulitsa uja anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kuitana anzake kuti adzaone, ati zaka zonse wagulitsa mapulinta sanaonepo kasitomala wobwera ndi mtsinje wake.

Ndinkayesa tamaliza. Za tona zinalipo ziwiri, ina yolumikiza ndi chingwe chokha, ina yotha kulumikizika popanda chingwe, ndipo ine ndinati titenge ya chingwe chifukwa siivuta. Atsibweni anapisanso m'thumba n'kutulutsa luzi lalitali lomanga mfundo kumapeto. Anali atayeza kuchokera patebulo lawo kukafika pamwamba pa khoma, kupitirira mzere wa madzi uja ndi mkono wathunthu, pamene kalipentala anali atawakhomera kale shelefu. Anayerekeza luzilo ndi chingwe cha pulinta. Chingwe sichinafike ngakhale theka.

"Makina anga oyamba anafera pansi," anatero. "Awa akakhala kumwamba."

Ndinawauza kuti ndiye titenge ya wayifayi. M'nyumba mwawo munali kale rauta, kabokosi ka intaneti kamene mwana wawo Yohane, amene amagwira ntchito ku Joni, anawasiyira kuti azionana pafoni. Ndinati laputopu izitumiza mawu ku kabokosiko, kabokosi n'kuwapereka kwa pulinta, popanda chingwe chilichonse. Anakwinya nkhope.

"Ndiye mayina a makolo anga aziyamba akafika ku Joni?"

"Ayi, atsibweni. Sazituluka m'nyumba. Ngakhale bando itatha, zizigwirabe ntchito."

"Ndiye kuti kabokosiko ndi mesenjala."

"Eya, mesenjala."

"Mesenjala ndimamudziwa," anatero, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Titafika nayo ku Bangula, kuilumikiza kunatitengera Loweruka lonse. Azakhali ataona shelefu ili pafupi ndi malata anati chinthucho chikapsa ngati mbatata, ndipo ananena zoona, chifukwa kuchigwa masana malata ukhoza kukazingirapo chimanga. Atsibweni sanavomere ndi pakamwa, koma anatuluka n'kubwera ndi mphasa imene tinaikhomera kudenga pamwamba pa shelefuyo. Rauta nayo inasamutsidwa, n'kukapachikidwa pamsomali chapafupi. Kenako ine ndinakwera makwerero, azakhali atagwirira pansi, kuti ndiuze pulinta dzina la wayifayi ya m'nyumbamo ndi pasiwedi yake. Kasikirini ka pulintayo kanali kochepa ngati bokosi la machesi, ndipo chilembo chilichonse unkachita kuchisaka ndi kabatani. Thukuta linkandilowa m'maso. Ndinalakwitsa kawiri, atsibweni ali pansi akundikumbutsa kuti iwo pa esiteti ankatayipa tsamba lonse osalakwitsa. Kachitatu kanyali kabuluu kanasiya kuphethira, kanangoyaka. Ndinatsika, n'kuuza laputopu kuti ifunefune pulinta, ndipo posakhalitsa dzina lake linaoneka.

"Dinani apa, atsibweni."

Anadina ndi mphamvu zawo zija. Kwa kanthawi kunali zii. Kenako kumwamba kunamveka kulira ngati munthu akukonza pakhosi, ndipo pepala linasuzumira. Pamwamba pake panali dzina la Mubita. Azakhali anaomba m'manja n'kuti, "Takhuta!" ngati pali wina woti amuthokoze kudengako. Atsibweni anangolandira pepalalo n'kulinunkhiza. Linali lofunda.

Azakhali analamula tsiku lomwelo kuti bambo a Yohane asadzayerekeze kukwera makwerero, ndi maso awo amenewo. Ndiye atsibweni anachotsa kachotchingira kamene kamagwira mapepala akatuluka, n'kupachika dengu ndi chingwe pansi pa shelefu, pafupi ndi mpando wawo. Pepala likatuluka linkatsetsereka, n'kuuluka pang'ono, n'kugwera m'dengumo. Nthawi zina linkaphonya n'kukagwera kuseri kwa kabati, koma zimenezo ankati ndi vuto la mphepo. Wokwera kukaika mapepala atsopano anali azakhali eni ake, akudandaula njira yonse.

Patangotha sabata ziwiri foni inalira ndili m'kalasi. "Esita, makina ako sakudziwananso," anatero atsibweni. Magetsi anali atathima, monga mwa masiku onse, ndipo atayaka laputopu inkati pulinta kulibe, chonsecho iwo ankaiona ndi maso awo ili pashelefu. Nditatsikirako kumapeto kwa mwezi ndinapeza chifukwa chake. Rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala chikamalowa, monga amagawira timakadi pamzere wa kuchipatala, ndipo magetsi akabwerera imagawanso mwatsopano. Pulinta inali italandira nambala ina, laputopu ikuifunafuna pa yakale. Nditawafotokozera anakwiya ngati kuti wina wabera mayeso.

"Mesenjala wotani wosintha manambala a nyumba za anthu? Chinthu chokhazikika pakhomo chikhale ndi nambala imodzi mpaka kalekale."

Ndinawauza kuti zimenezo n'zotheka, ndipo ndinaipatsa pulintayo nambala yakeyake yosasintha. Anandiuza kuti ndiwatchulire nambalayo. Anaitayipa, n'kutulutsa makope atatu. Mayi anga ku Chapananga mpaka lero akusunga pepala lokhala ndi manambala angapo ndi timadontho, osadziwa kuti ndi za chiyani.

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda. Tsamba likatha, makope atatu ankagwera m'dengu. Dzina likawathawa onse awiri, ankakwera kabaza kupita kumidzi kukafunsa nkhalamba zinzawo, ndipo likakanika ankasiya mzere wake n'kulembapo kuti mwana wa uje, dzina linapita ndi madzi. Msuweni wawo wina, mkulu wa mpingo, atawerenga masamba oyamba anadandaula kuti mwalowa anthu amene sanabatizidwe, ena opembedza kukachisi, ena ana a mitala, ndipo anati buku la banja lachikhristu lisakhale choncho. Atsibweni anamufunsa ngati mtsinje unasankha potenga manda aja. Msuweniyo sanapondenso pakhomopo kwa miyezi ingapo, ndipo mayina onse anakhala.

Ulendo wanga womaliza kuwaona ali moyo, zilembo za pasikirini zinali zitakula ngati chala chachikulu, mawu atatu okha pamzere. Nkhope ankaiyandikitsa mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi. Malaya anali oyera monga kale, koma zala zinali zitayera, kaboni atatheratu. Anandiuza kuti kwatsala tsamba limodzi lokha, la anthu a masiku athu ano amene anagona kumanda atsopano a kumtunda. Ndinawapempha kuti azinditchulira ine ndizitayipa. Anati tsamba limenelo ndi lawo.

Anagwa Lachiwiri lina masana, ali pampando wawo womwewo. Anawatengera kuchipatala, ndipo patapita masiku anayi anatisiya. Azakhali atabwerako kumaliro anatseka laputopu, n'kuifunditsa chitenje, n'kuthimitsa soketi ya pulinta pakhoma. Palibe amene anakhudzanso. M'fayilo munalibe tsamba lomaliza, ku Chapananga silinafike, ndipo tonse tinangovomereza kuti maso anawathera asanamalize. Zinkandipweteka ndikaganiza kuti anafika pafupi chotero.

Ndiye sabata yathayi mmisiri wa chiliza anafuna chaka chimene atsibweni anabadwa kuti akachizokote pamwala. Azakhali anati amadziwa kuti kunali njala chaka chimenecho, koma nambala yake ayi. Ndinati mwina ili mu laputopu. Ndinavundukula chitenje, n'kuilumikiza kumagetsi, ndipo poyatsa soketi ndinayatsa zonse ziwiri, ya laputopu ndi ya pulinta, osaganizira. Rauta inali yoyaka kale, chifukwa azakhali amalankhulabe ndi Yohane Lamulungu lililonse. Laputopu inatenga nthawi kuti idzuke. Ndisanatsegule chilichonse, kumwamba kunamveka kukonza pakhosi kuja.

Azakhali anali pakhomo ndi beseni m'manja. Anaima chilili. Pepala linasuzumira, linatsetsereka, n'kugwera m'dengu. Kenako lachiwiri. Kenako lachitatu.

Ndinamvetsa pambuyo pake, azakhali atakumbukira kuti Lachiwiri lija magetsi anathima kuyambira m'mawa. Atsibweni anali atamaliza tsamba lawo pa batire, n'kudina kuti lituluke, koma pulinta inalibe moto. Laputopu inangolisunga, kudikira. Inadikira chaka chathunthu, ndipo itadzuka inakagogoda pa nambala yomwe ija yosasintha n'kuipeza pulinta ili pakhomo pake.

Ndinatola mapepalawo. Anali ofunda.

"Tawerenga, mwanawe," anatero azakhali, atakhala pansi pomwepo.

Ndinawerenga. Panali achimwene awiri a atsibweni, panali mwana wawo woyamba amene anamwalira asanayambe kuyenda, dzina lake lonse ndi la mayi ake. Ndipo pansi penipeni panali mzere wina: Lazalo, mwana wa Tomasi, mwamuna wa Fanita. Chaka chobadwa chimene tinkachifuna chinali pomwepo. Kutsogolo kwake anasiya mpata wautali wopanda kanthu, ndipo pansi pa mpatawo analemba kuti: Esita, tsiku ulembe ndi bolopeni, osati inki.

Azakhali anaseka, kuseka kuja kumene kumathera kwina. "Bambo amenewa," anatero akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje, "ngakhale kufa, makope atatu." Ndinapempha bolopeni kwa mmisiri uja n'kulemba tsikulo katatu. Loyamba azakhali analipinda n'kuliika m'Baibulo lawo, limene satha kuliwerenga. Lachiwiri ndinaliboola n'kulilowetsa m'fayilo. Lachitatu lili m'chikwama changa pamene ndikulemba pano, ndipo Loweruka ndikwera nalo ku Chapananga.

Pabalaza paja palibe chimene chasuntha. Tebulo lili pomwe linali, ndi timaenje tiwiri pansi pamene miyendo ya mpando inkakumba simenti akamaweramira pasikirini. Makwerero atsamira pakona. Pafupi nawo pali thumba la laimu limene azakhali anagula mwezi umene atsibweni anamwalira, poti tsopano panalibenso wowaletsa, koma silinatsegulidwe, ndipo mzere wofiirira uja ukuzungulirabe chipinda chonse. Pamene ndinkatsanzika ndinafikira soketi kuti ndithimitse, azakhali n'kundigwira mkono. Ndinaisiya. Kanyali kabuluu kakuyaka kumwambako, pansi pa mphasa, ndipo dengu likulendewera pafupi ndi mpando, lopanda kanthu.